Kupinda nsambo pa gitala, noti ikumangothera panjira

woyamba_solo:
Moni nonse, ndithandizeni akuluakulu. Makodi ndimagwira bwinobwino koma pano ndayamba ma solo ndiye bend, kukankha nsambo kuti noti ikwere, yandivuta zedi. Ndikakankha nsambo ya G pa fureti 7 (mafureti ndi tizitsulo ta pa khosi la gitala) imakwera ndithu koma siikufika, ikumamveka ngati gitala sinachunidwe, chala chikupweteka komanso ndikamabweza nsambo ya D ikumalira nawo. Gitala ndi yamagetsi, makulidwe a nsambo ndi 10. Vuto ndi zala zanga kapena ndisinthe nsambo?

blues_basi:
Achimwene mukukankha ndi chala chimodzi eti? Apo ndiye popwetekera. Noti gwirani ndi chala cha mphete, chapakati chikhale kumbuyo kwake pa nsambo yomweyo pa fureti 6, zizikankha limodzi. Chala chachikulu chikolowekeni pamwamba pa khosi la gitala kenako muzipotoza dzanja lonse ngati mukutsegula loko ndi kiyi, mphamvu izichokera pa mkono, zala ntchito yake ndi kungogwira basi. Za D zija, chala cholozera chigonekeni pang'ono pa nsambo zapamwambazo zisalire, dzanja lokhwatchira nalo lizithandiza.

mphunzitsi_wa_nyimbo:
Zomwe anenazi ndi zoona koma ine ndikuona kuti vuto lalikulu ndi khutu, ambiri amangokankha osadziwa komwe akupita. Nsambo ya G pa fureti 7 imatulutsa noti ya D, bend yathunthu ndi mafureti awiri ndiye mukufuna E amene ali pa fureti 9. Imbani 9 kaye, mumvetsere mpaka ikhazikike m'mutu, bwererani pa 7 mukankhe pang'onopang'ono mpaka zifanane, ndipo mukafika khalani pompo kaye osabweza msanga chifukwa dzanja likatopa noti imatsika inu osadziwa. Yambani ndi theka, 7 kupita pa 8, ikakhala ndiye mupite pa yathunthu. Njira ina imene ndimaikonda kwambiri, gwirani nsambo ya B pa fureti 8 ndi ya E yaing'ono pa fureti 5, khwatchani zonse ziwiri mukankhe B yokha, mudzamva mawu akunjenjemera kenako n'kukhala amodzi, pamenepo ndiye mwafika pa A. Chuna, kachipangizo kochunira gitala, imathandiza poyamba koma musazolowere kumangoyang'ana, pa siteji simudzakhala nayo m'maso.

woyamba_solo:
Zikomo kwambiri, ya B ndi E ija yandionetsa kuti ndimaperewera patali ndithu. Nanga nsambo ndizisiye?

lead_wa_bandi:
Ine ndinganene kuti tsikirani pa nsambo za 9, zopyapyalako, palibe manyazi. Anthu amatchula Stevie Ray Vaughan kuti ankaimba ndi nsambo zonenepa za 13 koma amaiwala kuti ankachuna gitala theka pansi, pa E flat, ndipo B.B. King ankakonda zopepuka koma ndani anganene kuti bend yake inali yofooka? Mukhozanso kungotsitsa chuni theka ndi 10 zomwezo mumve kufewa kwake musanagule kalikonse. Onaninso kutalika kwa nsambo, zikagona kwambiri pa mafureti chala chimaterereka ndipo noti imatha kufa pakati pa bend, kuzikweza pang'ono kumathandiza. Ndipo mukadzafika pa nsambo za E yaikulu ndi A muzikokera pansi, mukakankhira m'mwamba E imagwa kunja kwa khosi.