Msana kuzizira pogona m'hammock: vuto ndi sleeping bag?

Nyenyezi22:
Akuluakulu odziwa zogona kutchire, tithandizeni. Ndili ndi sleeping bag (thumba lofunda logonamo) yolembedwa kuti imapirira kuzizira kwa 0°C, koma kugona nayo m'hammock (nsalu yogonamo yomangirira pakati pa mitengo iwiri) usiku wa 8°C, msana ndi matako zimazizira koopsa pomwe pamwamba pali potentha bwinobwino. Chalakwika n'chiyani, ndipo choyamba kugula n'chiti?

Kadzidzi:
Sleeping bag ilibe mlandu. Chimene chimasunga kutentha ndi mpweya wotsekeredwa mu nthenga zake. Mukaigonera, nthenga za pansi zimaphwatalala, mpweya uja n'kuthawa, ndiye pakati pa msana wanu ndi mphepo pamangotsala kansalu ka nayiloni. Kuzizira kwa pansiku kumayamba kumveka ngakhale pa 18°C.

Mankhwala ake ndi underquilt, gombeza lopachika kunja, kunsi kwa hammock, kumene thupi silingalipsinje. Sankhani yopirira madigiri 5 kutsika kuposa kuzizira komwe mukuyembekezera. Ambiri amalakwitsa pomanga. Wina agone m'hammock, inu mulowetse dzanja pakati pake: underquilt ikhudze hammock monse, koma isathine mpaka nthenga kuphwatalala. Mpata ukatsala, makamaka kumutu ndi kunsi kwa miyendo, mphepo imalowera pomwepo. Kokani zingwe za lasitiki pang'onopang'ono mpaka mpatawo utsekeke.

Mlenje_wa_mphepo:
A Kadzidzi anena zoona, koma underquilt ndi yodula. Matiresi opyapyala a siponji yolimba, yosamwa madzi, amathandiza ndithu mukawayala m'hammock. Vuto lake, ambiri ndi a masentimita 50 m'lifupi, ndiye mapewa amatulukira m'mbali n'kumazizira. Pezani a masentimita 63, kapena dulani kachidutswa kena mukapingase pamapewa. Ngati ndi matiresi opopa mpweya, phwetsani pang'ono kuti apindike motsatira hammock. Kukafika 0°C, onani kuti R-value yake (nambala yosonyeza mphamvu ya matiresi posunga kutentha) ndi 4 kapena kuposa. Amaterereka usiku, n'chifukwa chake hammock ya nsalu ziwiri ndi yabwino: mumawalowetsa pakati.

Kadzidzi:
Eya, koma siponji siitulutsa thukuta, msana umadzuka wachinyezi. Ndi yoyambira chabe.

Chiwale:
Musaiwale mphepo. Lona lotchinga pamwamba pa hammock likhale lotsika, m'mbali mwake mufike pafupi ndi dothi, ndipo mbali yaitali iyang'ane kochokera mphepo. Pewani kumanga m'chigwa kapena m'mbali mwa madzi, poti mpweya wozizira umatsikira kumeneko.

Pogona sinthani zovala, muvale zouma, zaubweya kapena poliyesita. Thonje likanyowa limaziziritsa. Chipewa ndi masokosi osathina. Thirani madzi otentha lita imodzi m'botolo lolimba lopirira kutentha, tsekani zolimba, likulungeni ndi sokosi, muliike pakati pa ntchafu. Idyani chakudya chamafuta musanagone. Mowa ayi, umangonamiza kuti mwatenthedwa pomwe thupi likutaya kutentha. Ndipo mphuno ikhale panja pa sleeping bag: mukapumira m'kati, nthunzi imanyowetsa nthenga, pofika m'bandakucha zimakhala zasiya kufunditsa.