Kodi mayunivesite a ku America angakwanitsedi kulipira osewera awo?

Wokonda basketball:
Mu June 2025 woweruza Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wa House, umene osewera anasumira NCAA (bungwe loyang'anira masewera a m'mayunivesite a ku America) pofuna malipiro, ndipo tsopano yunivesite ya mu Division I (gawo lapamwamba kwambiri la masewerawa) imene yasankha kutero ikuloledwa kugawira ophunzira amene amaisewerera ndalama chaka chilichonse, zimene malire ake m'chaka choyamba cha 2025-26 anaikidwa pa madola pafupifupi 20.5 miliyoni. Ndithandizeni abale anga, ndalama zimenezi zichokera kuti, ndipo kodi mayunivesite onse angazipeze?

Mphunzitsi wopuma:
Achimwene, kwa mayunivesite akuluakulu ndalama zilipo, ndipo zakhala zilipo kuyambira kale. Chigawo cha Big Ten, chomwe ndi gulu la mayunivesite akuluakulu opikisana pa masewera, chinasainirana ndi makampani a wailesi yakanema mgwirizano wa madola pafupifupi 7 biliyoni kwa zaka 7. Mu 2023 yunivesite ya Texas A&M inachotsa ntchito mphunzitsi wa American football, Jimbo Fisher, ndipo inavomera kumupatsa madola oposa 75 miliyoni ngakhale kuti sadzaphunzitsanso timuyo. Sukulu imene ingalipire munthu ndalama zotere kuti achoke singandiuze kuti ilibe chopatsa mnyamata amene akuvulala pabwalo chifukwa cha dzina la sukuluyo. Kwa zaka zambiri ndalamazo zinkathera ku malipiro a aphunzitsi ndi kumanga mabwalo apamwamba, poti malamulo a NCAA sankalola kuti zifike kwa osewera.

Mayi wa wothamanga:
Bambo, zimene mwanenazo ndi zoona, koma mwatchula olemera okhaokha. Mu Division I muli mayunivesite oposa 350, ndipo ndi ochepa chabe amene amapeza phindu pa masewera. Ambiri amadalira ndalama za sukulu ndi zimene ophunzira onse amalipira. Nthawi zambiri American football ndi basketball ya amuna ndiyo imalowetsa ndalama zoyendetsera kusambira, kuthamanga ndi masewera ena. Mu 2020 yunivesite ya Stanford, yomwe si yosauka, inalengeza kuti ithetsa mitundu 11 ya masewera, ngakhale inabweza ganizolo chaka chotsatira. Ine mwana wanga amathamanga, ndipo mantha anga ali pamenepo. Palinso lamulo la Title IX la mu 1972, loletsa tsankho pakati pa akazi ndi amuna m'masukulu, limene libweretse mikangano ngati ndalama zambiri zipita kwa anyamata.

Mphunzitsi wopuma:
Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Komatu mgwirizanowu sukukakamiza yunivesite iliyonse kupereka madola 20.5 miliyoni, amenewo ndi malire chabe. Vuto ndi lakuti sukulu yopereka zochepa idzataya osewera abwino, choncho ndikuona kuti oyang'anira masewera ayambe adula malipiro a aphunzitsi asanakhudze timu ya mwana wanu.