Pulani ya nyumba ya aphunzitsi: tijambulitsenso kapena tikonze yomweyi?

Mlembi: Abale, ndachokera kumudzi dzulo. Mmisiri wayimitsa kaye ntchito yokumba maziko. Akuti papepala lomwe tinamupatsa miyezo ya khoma lapakati sikuoneka, yaphimbika ndi timizere todzaza makoma tija. Ndinaliyang'ana ndekha pansi pa mtengo wa mango pasukulu, zoonadi pali nambala yongotulukira mutu, sukudziwa ngati ndi 3 kapena 8. Mawu osonyeza zipinda nawonso abisika theka.

Msungichuma: Ndiye fayilo ya pulaniyo pa kompyuta yawonongeka basi. Ine ndikuti tipeze wojambula wina ayambe zatsopano. Ndalama ya simenti tiyikhudzeko pang'ono, kusiyana n'kumanga nyumba yokhota.

Malume a ku Bulawayo: Mayi Msungichuma, ya simenti isakhudzidwe. Mmisiri uja wamanga nyumba zambiri m'dera lathu opanda pepala. Apime yekha ndi chingwe apitirize, mvula ikubwera.

Mlembi: Malume, pulaniyo ikuyenera kukaonedwanso kukhonsolo chifukwa tinawonjezera khonde. Sangadinde pepala losawerengeka.

Mphwathu wa ku Johannesburg: Makolo anga, ndiloleni ndilankhuleko, iyi ndi ntchito yomwe ndimagwira tsiku lililonse. A Mlembi anditumizira fayilo ya pulaniyo, ya mtundu wa DWG, usiku ndipo ndayitsegula mu AutoCAD, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira mapulani. Palibe chimene chatayika. Miyezo yonse ilipo, makoma akunja ndi mamilimita 230 monga tinagwirizanira. Chasokonekera ndi choti chikhale pamwamba n'chiti, pansi n'chiti.

Anthu ambiri amaganiza kuti ma layer, magulu omwe timaikamo zinthu zofanana za pa pulani monga zitseko kapena miyezo, ali ngati mapepala osanjikizana, kuti amene ali pamwamba pa mndandanda ndiye aoneke pamwamba. Mu AutoCAD sizili choncho. Mndandanda wa ma layer umangotsatira zilembo za mayina awo. Chinthu chilichonse chili ndi malo akeake, ndipo kawirikawiri chojambulidwa pambuyo chimakhala pamwamba pa chakale. Amene anawonjezera khonde anadzazanso makoma ndi hatch yatsopano, timizere todzaza makoma tija, ndiye yakhala pamwamba pa manambala.

Msungichuma: Ndiye zitenga masiku angati, ndipo tilipira zingati?

Mphwathu wa ku Johannesburg: Kwacha olo imodzi ayi, Mayi. Ndikalemba lamulo la HATCHTOBACK, hatch yonse ibwerera pansi. Kenako TEXTTOFRONT ikweza mawu ndi miyezo pamwamba. Pali layer imodzi ya zitseko ndi mawindo yomwe ndiyikonza payokha: ndiyipatula ndi LAYISO, ndisankhe zonse, DRAWORDER ndizibweretse kutsogolo, kenako LAYUNISO zina zibwerere. Ndaonanso kuti miyezo iwiri ya khonde anayiika pa layer ya Defpoints. Zimene zili pamenepo zimaoneka pa kompyuta koma sizituluka papepala, n'chifukwa chake mmisiri sanaione n'komwe. Ndiyisamutsira pa layer ya miyezo.

Wapampando: Mwana wathu, zikumveka. Koma ndili ndi nkhawa imodzi. Ukagwira fayilo ya mwini wake n'kulakwitsa, tibwerera pati?

Mphwathu wa ku Johannesburg: Funso labwino, a Wapampando. Yoyambayo sindiyikhudza, ndikonza kope lake. AutoCAD imasiyanso fayilo ya .bak, ukayisintha dzina kukhala .dwg imatseguka, koma imangosunga mmene zinalili musanaseve komaliza, choncho sindiyidalira. Ndikamaliza ndisunganso maonekedwe a ma layer mu Layer States Manager kuti wina akazimitsa kapena kusintha mitundu tibwezeretse msanga. Koma Layer States Manager siisunga za pamwamba ndi pansi zija, n'chifukwa chake PDF ndiyofunika.

Anakubala a ku Lilongwe: Ine zamakompyutazi zandipitirira, koma chondiwawa ndi china. Tinasonkha ndalama ife, ena akugulitsa mandasi, koma gulu linalibe pulani yake m'manja mpaka sabata ino. Inali pa laputopu ya munthu mmodzi. Akanataya laputopuyo? Aphunzitsi awiri aja akupalasabe njinga kuchokera kutali m'mawa uliwonse, mvula ikagwa ana amakhala okha m'kalasi. Tisasewere nayo nkhaniyi.

Malume a ku Bulawayo: Apa ndagonja, mlongo wanga. Koma ndikupempha mmisiri alandire pepala lalikulu. Lija linali la A4, munthu wamkulu ngati uja ankachita kulisendeza kumaso.

Mphwathu wa ku Johannesburg: Zoona, Malume. Pulaniyi inakonzedwera pepala lalikulu la A1 pa sikelo ya 1:50. Kuikankhira pa A4 manambala amasanduka nyerere ndipo sikelo imatayika, sungapimenso ndi rula. Ipulintidwe pa A1 osachepetsa.

Msungichuma: Ngati ndi choncho ndabweza maganizo anga. Ya kupulinta ndiyitenga ku thumba la zing'onozing'ono. Koma wojambula woyamba uja auzidwe, asamve kwa anthu kuti tamugwirira ntchito yake kumbali.

Wapampando: Ndimuimbira ndekha madzulo ano, ndipo PDF ikatuluka ayione kaye iye tisanapite nayo kukhonsolo. Mwana wathu, tumiza DWG ndi PDF kwa a Mlembi ndi kwa Mayi Msungichuma, aliyense asunge. A Mlembi, mupulintitse awiri Lachisanu, limodzi la mmisiri, lina likakhale ku ofesi ya ahedi. Maziko asakumbidwe mpaka pepalalo litafika.

Mlembi: Ndamva, a Wapampando. Ndimuuza mmisiri akhale akuwunjika kaye mchenga.