Funso: nsomba zomwe zimabwera pa nyali usiku tizisiyanitse bwanji?

Anzanga a pagulu pano, makamaka inu a kunyanja, ndithandizeniko. Ine ndimagulitsa nsomba zouma pa Lizulu. Kale ndinkangogula kwa anzanga obwera nazo kumtunda kuno, koma pano ndayamba kutsika ndekha pa Khwekhwerere, kudutsa pa Golomoti, kukaoda kunyanja.

Chikundivuta ndi nsomba za kauni, usodzi wa usiku wokopa nsomba ndi nyali. Maboti amafika pa doko kusanache bwino, nsomba zili zosakanikirana m'beseni, ndipo alovi amangoti "usipa uwu mayi", mtengonso n'kukhala wa usipa. Ndikamayanika pa thandala ndipamene ndimaona kuti muli zina zosiyana maonekedwe. Makasitomala anga ambiri ndi amayi odziwa ndiwo, amatola kansomba kamodzi n'kundifunsa dzina. Sindifuna kuwanamiza, komanso sindifuna kusenza ana a chambo osadziwa.

Alamu anga anandionetsa usiku wina zomwe zimachitika babu akalitsitsa pafupi ndi madzi. Poyamba kumabwera tinthu ting'onoting'ono kwambiri tozungulira pa kuwala, kenako tinsomba tonyezimira tambirimbiri. Kunkatulukanso zina zazitali kuchokera kumdima, kudzabaya pakati pa gulu lija n'kuthawa. Pansiko panali zina zotambalala thupi zosafulumira, ndi ina imodzi ya ndevu. Zimenezi ndi nsomba zanji? Nanga zikatuluka m'madzi ndiyang'ane pati kuti ndizidziwe msanga?

Yankho la bambo wina wa ku Mtakataka:
Mayi, mwaona bwino. Tinthu toyamba tija si nsomba, ndi tizilombo ta m'madzi tomwe usipa umadya, kuphatikizapo mphutsi za nkhungu (tintchentche ta kunyanja touluka ngati utsi), zomwe masana zimakhala pansi ndipo usiku zimakwera. Usipa umasonkhana pa kuwalako, ndipo zazitali zobaya zija ndi ncheni, ikutsata usipawo. N'chifukwa chake mu ukonde wa chilimira simulephera kupezeka ncheni. Siginala, msodzi wokopa nsomba, amakhala m'bwato lake ndi nyali, nsomba zikadzaza amayenda nazo pang'onopang'ono kulowa mu ukonde, maboti n'kukoka. Chilichonse chinali pansi pa nyali chimalowa limodzi. Ife tinayamba ndi nyali za parafini, pano ambiri ndi mababu a batire, koma nsomba zake ndi zomwezo.

Yankho la mayi wina wogulitsa nsomba pa Dedza boma:
Achemwali, musadalire maso okha kukadali mdima, gwirani ndi chala pamsana. Usipa ulibe minga, kachipsepse kake ka pamsana ndi kakafupi ndipo kali chakumchira. Ncheni, utaka, ndunduma ndi chambo zonse zili ndi chipsepse chachitali choyambira pafupi ndi mutu, ndipo chimabaya. Ikakubayani, dziwani kuti si usipa, ngakhale ikhale yaing'ono bwanji. Mwana wa ncheni ndiye amapusitsa anthu chifukwa ndi wowonda ngati usipa, koma mutsegule kukamwa, muona mano. Tochi ya pa foni ikukwanira.

Yankho la mnyamata wina amene anaphunzira za usodzi:
Ndiwonjezereko pa zotambalala zija, amayi. Kawirikawiri ndi utaka. Mitundu ina ya utaka imakhala ndi madontho akuda m'mbali, ina ilibe, ndiye madontho okha asakutsimikizireni. Kokani mlomo wake pang'ono: wa utaka umasolomoka kutsogolo, chifukwa imadya potola tizilombo toyandama. Ndunduma mudzaidziwa ndi maso aakulu ndi thupi loyera, ndi nsomba ya m'madzi akuya. Ya ndevu ija ndikuganiza kuti ndi nkholokolo ngati inali yaifupi ndi ya mawanga, nayonso imakwera usiku kudzadya. Samalani nayo pogwira, minga yake imapweteka. Kampango nayenso ali ndi ndevu koma ndi wamtali ndipo alibe mawanga otero.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, za chala pamsana sindinkazidziwa. Koma nkhawa yanga yaikulu ikadali pa kasawala, ana a chambo aja. Ngati utaka ndi mwana wa chambo zonse zimabaya, ndisiyanitse bwanji? Ndimamva chisoni kuona chambo chikusowa mpaka ana athu kumtunda kuno akukula osachilawa, ndiye ine ndisakhale mmodzi wa ochimaliza.

Bambo wa ku Mtakataka uja:
Kasawala sapezeka kwambiri mu kauni wa pakati pa nyanja, mayi. Amakulira m'madzi osaya, m'mabango ndi m'mphepete, ndiye amagwidwa kwambiri ndi makoka a pagombe ndi aja oika neti ya udzudzu. Funsani kaye kuti nsombazo zachokera mu ukonde wanji. Pa maonekedwe, mutu wake ndi wonenepa, thupi lolemera, mlomo susolomoka ngati wa utaka, ndipo nthawi zambiri amaoneka mizere yotsika m'mbali. Mukakaika pitani nayo kwa a komiti ya pa doko kapena kwa mlangizi wa zausodzi, amazidziwa ndipo sakana kuonetsa munthu.

Mayi wa pa Dedza boma uja:
Komanso achemwali muziyang'ana mwezi musanakwere galimoto. Mwezi ukamawala usiku wonse nyali sizikoka, usipa umachepa, mtengo umakwera, ndipo m'mabeseni ndimomwe mumachuluka zosakaniza. Mwera ukamawomba nyengo yozizira maboti ambiri salowa n'komwe. Muzitsika nthawi ya mdima, ndipo musanalipire pisani dzanja mpaka pansi pa beseni, chifukwa pamwamba amayala usipa wabwino. Zina mwapezazo musataye, sankhani muziika milu yakeyake. Ncheni youma ili ndi anthu ake pa Lizulu pomwepo, ena amaifuna kuposa usipa.