Funso: Kodi wachinyamata woyamba kuonera mafilimu akale ndimuonetse kope lenileni kapena lopakidwa utoto?

Moni kwa nonse a m'gulu lino, akuluakulu ndi achinyamata omwe. Ndabwera ndi funso lomwe lakhala likundisowetsa mtendere, ndipo ndikupempha anzanga okonda mafilimu kuti andithandize maganizo.

Ine ndimakonda kwambiri mafilimu akale a zithunzi zakuda ndi zoyera, kuphatikizapo aja opanda mawu omwe anajambulidwa m'zaka za m'ma 1920. Mwana wa mlongo wanga, yemwe ali pafupi kumaliza sukulu ya sekondale, wayamba kuchita nawo chidwi ndipo wandipempha kuti tizionera limodzi. Chomwe chandivuta n'chakuti pa intaneti filimu imodzi yomweyo imapezeka m'makope osiyanasiyana. Pali kope lomwe lili monga mmene linatulukira, chithunzi chake chili pakati ndipo mbali zonse ziwiri za TV zili zakuda. Palinso kope lomwe anthu analipaka utoto ndi kompyuta, analidula kumwamba ndi pansi kuti lidzaze TV yonse, ndiponso analisalaza mpaka nkhope za ochita sewero zikuwala ngati zopaka mafuta. Mnyamatayu wakula akuonera zinthu zowala ndi zothamanga, ndipo ndikuopa kuti ndikamuonetsa kope loyambalo atopa msanga n'kunena kuti zakale n'zogonetsa tulo.

Maganizo anga ndi akuti filimu iyenera kuonedwa monga mmene eni ake anaikonzera. Wojambula filimu yakuda ndi yoyera ankaganiza za kuwala ndi mthunzi, ankadziwa kuti theka la nkhope likabisika mumdima woonera amva mantha kapena chisoni, ndipo zovala ndi makoma zinkasankhidwa molingana ndi mmene zingaonekere popanda utoto. Munthu akabwera pambuyo pake n'kupakapo utoto wongoganizira, amafafaniza ntchito yonseyo. Komabe ndikuzindikira kuti kuumirira mfundo imeneyi kungathamangitse mwanayu asanayambe n'komwe. Kodi ndiyambe ndi kope lokongoletsedwalo kuti akopeke kaye, kapena ndilimbe mtima ndimuonetse lenilenilo? Amene munayesapo kuphunzitsa achinyamata kukonda mafilimu akale, chonde ndiuzeni zomwe zinakuyenderani bwino.

Yankho loyamba

Achimwene, musanasankhe kope, yambani mwaona mmene TV yanu yaikidwira, chifukwa nthawi zambiri chomwe chimawononga filimu yakale chimakhala m'nyumba momwemo. Kuyambira pamene mafilimu anayamba kukhala ndi mawu kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ambiri amajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Ma TV ambiri amakono amabwera atatsegulidwa kale njira yomwe imapanga zithunzi zongopeka n'kuzilowetsa pakati pa zenizenizo kuti zifike 60 kapena 120, ndipo zotsatira zake n'zakuti filimu imaoneka ngati sewero lotsika mtengo lojambulidwa dzulo. Njirayi imatchedwa motion smoothing, koma kampani iliyonse inaipatsa dzina lakelake: pa Samsung ndi Auto Motion Plus, pa LG ndi TruMotion, pa Sony ndi MotionFlow. Pa mpira imathandiza, koma pa filimu izimitseni. Mu 2019 bungwe la UHD Alliance linalengeza Filmmaker Mode, mothandizidwa ndi otsogolera mafilimu monga Martin Scorsese ndi Christopher Nolan, ndipo TV yanu ikakhala nayo, kungoisankha kumazimitsa zonsezi nthawi imodzi.

Za mdima wa m'mbali uja musaope. Mu 1932 makampani a ku Hollywood anagwirizana kuti chithunzi chikhale cha muyezo wa 1.37 chopingasa pa 1 chokwera m'mwamba, ndipo chithunzi chotambalala chinafala kuyambira 1953 pamene njira yojambulira ya CinemaScope inabwera, makamaka pofuna kulimbana ndi wailesi yakanema yomwe inkalanda anthu m'nyumba zoonetsera mafilimu. TV yamakono ili pa muyezo wotambalala wa 16 kwa 9, choncho filimu yakale singaidzaze popanda kudulidwa. Akaidula, zomwe zimatayika ndi zipumi, manja ndi mapazi, ndipo pa filimu yovina kapena yoseketsa, mapazi ndiwo amanena nkhani. Mufotokozereni mnyamatayo zimenezi mwachidule filimu isanayambe, muzimitse magetsi a m'chipindamo, ndipo muona kuti pakapita mphindi zochepa mdima wa m'mbaliwo sauonanso.

Yankho lachiwiri

Bambo, ndikugwirizana nanu pa zopaka utoto ndi kompyuta, koma mawu akuti kope lenileni akufunika kuwasamala, chifukwa nkhaniyi si yolunjika monga mukuiikira. Choyamba, mafilimu ambiri opanda mawu sanali akuda ndi oyera okhaokha. Ankaviikidwa mu utoto gawo ndi gawo, wobiriwira ngati thambo posonyeza usiku, wachikasu posonyeza masana kapena nyali, wofiira posonyeza moto. Kotero mukapeza kope lokonzedwa bwino lili ndi utoto wotere, musalikane, popeza ndi mmene anthu a nthawiyo analionera. Komanso kuthamangathamanga kwa anthu komwe timaona m'makope ena sikunali cholinga cha eni ake nthawi zonse. Makamera ankapukusidwa ndi dzanja, kawirikawiri pa zithunzi zochepera 24 pa sekondi, ndipo filimu yotere ikaonetsedwa pa liwiro lamakono anthu amayenda ngati akuthamangitsidwa.

Chachiwiri, kope lomwe linatuluka koyamba silikhala nthawi zonse lomwe wotsogolera ankafuna. Metropolis ya Fritz Lang inatuluka mu 1927 ndipo posakhalitsa inadulidwa kwambiri ndi ogulitsa, moti kwa zaka zoposa 80 anthu ankaonera filimu yosakwanira. Mu 2008 kope lina linapezeka m'nyumba yosungira zakale ya Museo del Cine ku Buenos Aires, ndipo pafupifupi mphindi 25 zinabwezeretsedwa n'kuonetsedwa mu 2010. Blade Runner ya 1982 inatuluka ndi mawu a wofotokoza nkhani komanso mathero okondweretsa omwe anaikidwa mokakamiza ndi opereka ndalama, ndipo kope lomwe wotsogolera wake Ridley Scott anali ndi ulamuliro wonse pa ilo linatuluka mu 2007. Koma pali mbali inanso: George Lucas anasintha yekha Star Wars ya 1977 pamene anaitulutsanso mu 1997, ndipo okonda filimuyo ambiri mpaka lero amafuna yoyambayo ngakhale wosinthayo anali mwini wake. Pamenepa ineyo ndili kumbali ya owonerawo, chifukwa filimu ikafika m'maso mwa anthu imasanduka mbali ya mbiri ya nthawi yake, ndipo mwini angatulutse kope latsopano koma asabise lakale. Funso loyenera kudzifunsa pa kope lililonse ndi lakuti: kodi amene analigwira ankabwezeretsa zomwe zinatayika, kapena ankawonjezera zomwe sizinalipo?

Yankho lachitatu

Akuluakulu, ndiloleni ndilankhule ngati wachinyamata, popeza msinkhu wanga sunatalikirane kwambiri ndi wa mnyamata amene tikumukambayu. Ine utoto sindikuuona ngati mdani nthawi zonse. Mu 2018 Peter Jackson anatenga zithunzi za nkhondo yoyamba yapadziko lonse zosungidwa ndi Imperial War Museums, anakonza liwiro lake, anazipaka utoto ndi kuikamo mawu, ndipo kwa ambiri a ife aka kanali koyamba kuona kuti asilikali aja anali anyamata enieni okhala ndi mano owola ndi nthabwala zawo. Choncho sindinganene kuti aliyense wopaka utoto ndi wowononga.

Komabe pa funso lanu, malume, ndikuona kuti chomwe chingamutopetse mnyamatayo si kusowa kwa utoto, koma kusankha filimu yolakwika poyamba. Musayambe ndi yaitali yomwe inu mumaiona kuti ndi yopambana zonse. Yambani ndi zoseketsa zazifupi za Buster Keaton kapena Charlie Chaplin, zomwe zambiri zimatha pa mphindi pafupifupi 20 ndipo sizifuna chinenero. Muuzeninso kuti kugwa ndi kudumpha komwe akuona kunachitikadi pamaso pa kamera, popanda kompyuta, pakuti kwa ife amene tinakula ndi zithunzi zopeka, zimenezi ndiye zodabwitsa kwambiri. Pempho langa lina n'lakuti musamafotokoze filimu ili mkati. Musiyeni aone, ndipo akanena kuti siinamusangalatse, musakhumudwe pamaso pake.

Mwini funso

Zikomo kwambiri nonse. Za TV ndichita monga mwanenera achimwene, ndipo malangizo oti ndiyambe ndi zoseketsa zazifupi ndawalandira ndi manja awiri. Koma pa utoto, mwanangu, ndikuona kuti chitsanzo chakocho n'chosiyana ndi vuto langa. Zithunzi za nkhondo zija zinajambulidwa kuti zisunge zomwe zinachitika, ndipo Jackson anapanga nazo ntchito yatsopano yokhala ndi dzina lake, pomwe zoyambazo zikusungidwabe monga zinalili. Filimu ya sewero yomwe wojambula anayeza mthunzi uliwonse ndi nkhani ina. M'zaka za m'ma 1980, pamene mwini wailesi zakanema wa ku America Ted Turner anayamba kupaka utoto mafilimu akale omwe anagula, wotsogolera mafilimu John Huston anatsutsa poyera, ndipo mu 1991 bwalo lalikulu la milandu ku France linagamula mokomera ana a Huston pa nkhani ya filimu ina ya bambo awo yomwe inaonetsedwa itapakidwa utoto. Pamenepa sindisuntha. Chomwe chanditsegula maso ndi mfundo ya kubwezeretsa ndi kuwonjezera, ndipo ikundibweretsera funso lina: ndingadziwe bwanji kuti kope lomwe ndapeza linakonzedwa ndi akatswiri, osati ndi munthu amene wangolidutsitsa mu pulogalamu ya kompyuta?

Yankho lachinayi

Bambo, yang'anani mphindi yoyamba ya filimuyo. Kope lokonzedwa ndi akatswiri nthawi zambiri limayamba ndi mawu ofotokoza bungwe lomwe linagwira ntchitoyo, chaka chake, ndi zipangizo zomwe anatengako zithunzi. Mayina monga Cineteca di Bologna, BFI National Archive, Library of Congress kapena The Film Foundation, yomwe Scorsese anakhazikitsa mu 1990, ndi chizindikiro chabwino. Bungwe lomalizali lili ndi nthambi ya World Cinema Project yomwe inayamba mu 2007, ndipo yakonzanso mafilimu a m'maiko ambiri, kuphatikizapo Touki Bouki ya Djibril Diop Mambéty wa ku Senegal, yomwe inatuluka mu 1973. Ntchito imeneyi ndi yofunika chifukwa mafilimu akale ankajambulidwa pa tepi ya mtundu wa nitrate, yomwe imayaka msanga ndi kuwola, moti lipoti la Library of Congress la 2013 linapeza kuti pafupifupi 70 pa 100 alionse a mafilimu aatali opanda mawu a ku America anatayikiratu.

Kenako yang'anani chithunzi chenichenicho. Filimu yojambulidwa pa tepi imakhala ndi timadontho ting'onoting'ono toyendayenda, tomwe timachokera ku siliva wa pa tepipo, ndipo akatswiri amachotsa zokanda ndi fumbi koma timadonthoti amatisiya. Mukaona khungu losalala mopitirira muyezo, tsitsi lophatikana, mano ndi maso zomwe zikusintha maonekedwe munthu akamatembenuka, kapena utoto womwe ukutuluka m'mphepete mwa zovala, dziwani kuti ndi ntchito ya pulogalamu yongopeka. Onaninso kutalika kwa filimuyo n'kukuyerekeza ndi komwe kwalembedwa m'mabuku a mafilimu, chifukwa kope lofupika kwambiri limakhala lodulidwa kapena lothamangitsidwa. Pa mafilimu opanda mawu, mvetserani nyimbo: ngati sizikutsatana ndi zochitika, fufuzani kope lina musanamuitane mnyamatayo.