Titseke Threads pa seva yathu ya Mastodon?

mlonda_wa_seva:
Anzanga, ndimayang'anira seva yaing'ono ya Mastodon, malo ochezera pa intaneti opangidwa ndi ma seva ambiri odziimira paokha. Chiyambireni 2024, pamene Threads, pulogalamu yochezera ya kampani ya Meta, inayamba kulumikizana nafe kudzera pa ActivityPub (njira yomwe ma seva osiyanasiyana amatumizirana zolemba), mamembala athu agawikana. Ena akuti titseke khomo, ena akuti abale awo ali komweko ndipo akufuna kumawawerenga. Inu munapanga bwanji?

kadzidzi:
Ine ndinatseka, ndipo sinditsegulanso. Kumbukirani za XMPP, njira yotumizirana mauthenga pakati pa ma seva osiyanasiyana. Google Talk, pulogalamu yochezera ya Google, inalowamo, anthu ambiri n'kumacheza kudzera mwa iwo, kenako mu 2013 Google inasamukira ku Hangouts, yomwe sinkalumikizana ndi ma seva ena. Otsalawo anangoona anzawo atasowa. Kampani yokhala ndi mamembala mamiliyoni ikalowa, ndiyo imayamba kulamula mmene zinthu ziziyendera, ife ang'onoang'ono n'kumangoithamangira pambuyo. Zimenezi zimandiwawa.

nyenyezi_usiku:
Achimwene, musafulumire. Mastodon imalola kungochepetsa seva ina osaitsekeratu. Zolemba za ku Threads sizionekera pagulu, koma wofuna kutsatira m'bale wake akhoza kutero. Afunseni mamembala avote.

mpanje:
Ine nkhawa yanga si Meta yokha. Seva yanu amalipira ndani? Ngati ndi munthu mmodzi, tsiku lomwe adzatope anthu adzathawira ku ma seva akuluakulu, mphamvu n'kuunjikananso pamalo amodzi. Sonkhani mwezi ndi mwezi, oyang'anira akhale angapo, ndipo muwaphunzitse mamembala kusamutsa akaunti pamodzi ndi owatsatira.

mlonda_wa_seva:
Zikomo nonse. Tiyamba ndi kuchepetsa, voti ichitike sabata yamawa. Za kusonkha ndalamazo ndikazitula pa msonkhano wa votiyo.