Kandege kakang'ono: payiloti amayenera kutiuza chani tisananyamuke?

Nachisale88:
Abale odziwa za ndege ndithandizeni. Alamu anga apeza kumene laisensi yoyendetsa ndege ndiye akuti adzanditenga pa ndege yaing'ono ya Piper ya anthu anayi. Mu ndege zikuluzikulu muja amatifotokozera za malamba ndi zitseko, nanga umu mopanda ogwira ntchito amanena ndani? Komanso ndimamva zoti ngozi zambiri za tindege timeneti zimachitika potera, ndi zoona?

KaputeniJ:
Amanena ndi payiloti yemweyo achemwali, ndipo si chifundo chake ayi, ndi udindo. Ku America mwachitsanzo lamulo nambala 91.107 la FAA, bungwe loyang'anira za ndege, limati asanyamuke musanauzidwe kamangidwe ndi kamasulidwe ka lamba. Koma lamba yekha sakwanira. Ngati ndi Piper PA-28, ili ndi chitseko chimodzi chokha, chili kumanja komwe mukhale inuyo, ndipo zambiri zili ndi zotsekera ziwiri, china m'mbali china pamwamba. Ndiye ganizani, mwatera moipa, alamu anu akomoka kapena avulala, m'kati mwayamba kununkha mafuta, wotsegula ndinu ndipo onse akudikira inu. Musangomvera pakamwa, tsegulani ndi kutseka ndi manja anu injini isanalizidwe. Akuonetseninso pomwe pali chozimitsira moto.

Mavuto_B:
Zoti ngozi zimachuluka potera ndi zoona, koma zambiri mwa izo sizipha chifukwa liwiro limakhala latsika, mwachitsanzo ndege ina yaing'ono ya Cessna 172 imayandikira bwalo pa ma knots 65, pafupifupi makilomita 120 pa ola. Zimene zimachitikachitika ndi mphepo yowomba cham'mbali kuikankhira kunja kwa msewu wake, kapena kudumpha ikagunda pansi, payiloti nkuikakamiza kutsika mpaka tayala lakutsogolo kuthyoka. Apa ndi pomwe lamba wa paphewa amapulumutsa, wa m'chiuno yekha mutu umakamenya kutsogolo kuli mamita. Ndipo mukamva injini yabangula mwadzidzidzi muli pafupi ndi pansi musakuwe, ndiye kuti waona kuti sizili bwino akukweranso kuti akayesenso, payiloti wanzeru amatero.

Nachisale88:
Zikomo kwambiri. Koma wina anandiuza kuti chitseko amatsegula ndege isanagunde pansi, zimenezo sizoopsa?

KaputeniJ:
Ndi pokhapokha mukutera mokakamizika, monga injini ikazima, ndipo mumachita payiloti akanena. Buku la Cessna 172 limanena kuti zitseko zimasulidwe musanagunde, chifukwa thupi la ndege likapindika chitseko chimakanirira osatseguka. Simukankha kuti chitseguke chonse, mumangomasula chotsekera basi.

AmayiAwiri:
Chomwe sichinatchulidwe, ndipo chimandidetsa nkhawa ine, mpando wakumanja uli ndi chiwongolero chake ndi mapedulo ake. Munthu akachita mantha amagwira chomwe chili pafupi, ndiye mukakoka chiwongolerocho kapena kuponda pedulo pomwe ndege ikuthamanga pansi mwaipotoza ndinu. Mapazi pansi, manja pamiyendo, onaninso kuti mpando wakhoma bwino usatsetsereke. Nkhani ndi zithunzi zidikire ponyamuka ndi potera, kupatula ngati mwaona ndege ina kapena utsi, pamenepo nenani msanga. Potuluka dikirani chopukusa chakutsogolo chiime kaye, chikamazungulira sichioneka bwino, ndipo muzilowera chakumchira. Alamu anuwo akapanda kuyamba okha kufotokoza zonsezi afunseni ndinu, musachite manyazi.